Madzi a m'Botolo

Ndinafika kumidzi ya ku Ceará Lachiwiri masana,
fumbi lofiira litandipaka mpaka m'nsidze,
nditanyamula fomu ya masamba asanu ndi awiri
ndi tepi yoyezera yochita dzimbiri kunsonga.
M'kaundula wa boma damu ili lilibe dzina.
Analemba kuti: mwini wake sadziwika.

Koma mwini wake ndinamupeza pomwepo,
akusoka nsapato ndi waya,
bambo Genivaldo, chipewa chachikopa chili pabondo.
"Dothi ili anaunjika bambo anga ndi abulu khumi,
chaka chija ng'ombe zinkafa zili chiimire.
Panalibe injiniya, mayi. Panali ludzu basi."

Ndinayenda pamwamba pa khoma ndikuwerenga mapazi.
Ndinapeza una wa kanyama ka zikamba kamene kuno amati tatu,
dzanja langa linalowa mpaka m'chigongono.
Ngalande yotayira madzi osefukira
anaitseka ndi matumba a mchenga
kuti mvula ikabwera pasathawe ngakhale dontho.
Sindinafulumire kumudzudzula.
Inenso ndinakulira kumene chitini cha madzi
chinkafika pa mtengo wa nkhuku.

Pakati pa khoma paima mtengo wa juwazeiro,
wobiriwira wokhawo m'dziko lonse lotuwali.
Lamulo likuti pa khoma la damu pasamere mtengo:
mizu imaboola njira, ikaola madzi amaitsata.
"Anaubzala Zulmira," anatero, "chaka chimene tinakwatirana."
Sanawonjezere kanthu.
Ndinafuna kulemba kuti udulidwe,
cholembera chinakana, ndinachikutumula kawiri.

Kunsi kwa khoma, pa udzu wobiriwira mokayikitsa,
madzi ankatuluka ngati thukuta la wodwala.
Ndinatunga m'botolo lakale la mankhwala a chifuwa
n'kuliyang'anitsa kudzuwa.
Madzi oyera amangodutsa, salanda kanthu.
Amatope amasamutsa khoma, supuni imodzi imodzi,
usiku, anthu ali m'tulo.
Awa sanali oyera. Sanalinso matope enieni.
Tinaika botolo pamwala n'kudikira,
iye akusuta, ine ndikuthamangitsa ntchentche,
mpaka pansi pake panadikha kadothi
kosakwana mchere wothira pa dzira.

Pamene tinaimapo denga la sukulu limaoneka,
makilomita awiri kutsika ndi khwawa louma.
Ana makumi awiri ndi atatu, mphunzitsi wawo Aurinete,
ndi galu wolumala amene amagona pakhomo.
Sindinaloze chala.
Maso ake anali atafika kale kumeneko,
mdzukulu wake amakhala benchi yachitatu, pafupi ndi zenera.

Ndinamuuza zoona zake:
mukasaina apa damu ndi lanu,
madzi ake ndi anu, milandu yake ndi yanunso.
Anaseka, mano atatu okha akuoneka.
"Nanga zaka zonsezi lakhala la yani?"
Analemba dzina lake pang'onopang'ono
ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala yoterera.
Kenako anapempha botolo lija. Ndinamusiyira.

Mvula inabwera mwezi wa Malichi, yamkuntho, masiku anayi.
Ndili mu ofesi ku tauni, fani ikuzungulira mafaelo,
ndinkayang'ana mapu m'malo modya.
Foni inalira Lachisanu m'bandakucha,
mawu akuduladula ngati ulusi wovunda.
"Matumba ndinachotsa, madzi akutsika m'ngalande akuimba.
Una uja ndinaukwirira ndi dongo, ndinasinja ndi musi.
Ndimatunga katatu patsiku, usiku ndi tochi.
Botolo la dzulo linali ndi kadothi.
La lero ndi loyera, mayi, mungathe kumwa."

Ndinamuuza kuti asasiye kutunga.
Ndinamuuza kuti likadzada asadikire ine,
athamange kusukulu, aimbe belu mpaka lisweke.

Za mtengo uja sindinafunse.
Pa tsamba lachisanu kabokosi kake kakadali kopanda kanthu,
ndipo bwana wanga akufuna fomuyi Lolemba.